Nyambo Zokola Mapuloteni Ogwira Shuga



Ndiyambira pa nsatsi. Mu 1888, wophunzira wina dzina lake Peter Hermann Stillmark, wa pa yunivesite ya Dorpat, mzinda umene lero ukutchedwa Tartu ku Estonia, anasinja njere za nsatsi, n'kusungunula zimene zinatulukamo, n'kuzithira m'magazi. Maselo ofiira a magaziwo anamatana n'kupanga timibulu. Chimene chinawamatacho anachitcha ricin. Lero tikudziwa kuti m'njerezo munali mapuloteni awiri apachibale, ndipo onse amagwira selo pamalo amodzi: pa shuga wotchedwa galactose amene ali kunja kwa selolo. Stillmark sanadziwe zimenezi. Iye anangoona magazi akuundana.

Ndikati shuga musaganize za uja wa m'tiyi wochokera ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Ujayo ndi mtundu umodzi chabe pa banja lalikulu. Thupi la munthu limagwiritsa ntchito mitundu pafupifupi 10 ya timashuga ting'onoting'ono, monga glucose, galactose, mannose, fucose ndi sialic acid, ndipo limatilumikiza n'kupanga maunyolo okhala ndi nthambi. Maunyolowa amamangiriridwa pa mapuloteni ndi pa mafuta a pakhungu la selo, moti selo lililonse m'thupi mwanu lakutidwa nawo mbali zonse. Chilichonse chofika pa selo, kaya ndi selo linzake, kaya bakiteriya, kaya vairasi, chimayamba chakhudza shuga chisanakhudze china chilichonse.

Mapuloteni amene ntchito yawo ndi kuzindikira timashugati ndi kutigwira amatchedwa ma lectin, ndipo mwakumana nawo kale ngakhale simunawadziwe dzina. Munthu akadya nyemba zofiira zosapsa bwino n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, wachititsa ndi lectin ya m'nyembamo, imene imafa nyembazo zikawira mokwanira. Vairasi ya fuluwenza imakakamira pa sialic acid wa m'mphuno ndi pakhosi. George Hirst anaona mu 1941 kuti vairasiyi imamatanitsa maselo ofiira monga zinachitira nsatsi zija. Kusiyana kwa fuluwenza ya mbalame ndi ya anthu kwagona kwambiri pa kalumikizidwe ka sialic acid ameneyu ndi shuga woyandikana naye. Magulu a magazi A, B ndi O, amene Karl Landsteiner anawatulukira mu 1901, ndi shuga basi: Winifred Watkins ndi Walter Morgan a ku London anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti gulu A ndi gulu B amasiyana pa kashuga kamodzi ka kunsonga kwa unyolo. Ndipo inu anamwino a kusikelo mukudziwa kuti malungo amavuta kwambiri mayi wa mimba yoyamba. Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito ku Kenya, anasonyeza mu 1996 kuti maselo ofiira amene muli tizilombo ta malungo amakakamira pa shuga wa m'nsengwa wotchedwa chondroitin sulfate A. Puloteni imene imagwira pamenepo, VAR2CSA, inadziwika mu 2003. Werengani zakazo: shuga anadziwika msanga, koma kuti adziwe dzina la puloteni yomugwira panapita zaka 7.

Funso limene ndabwera nalo lero ndi limeneli. Muli ndi shuga m'manja, mukudziwa kuti pali chinachake m'selo chimene chimamugwira, koma m'selomo muli mitundu masauzandemasauzande ya mapuloteni. Mupeza bwanji puloteni yeniyeniyo?

Kale zinkatheka mwamwayi ndi mwakhama. Gilbert Ashwell ndi Anatol Morell ku America anaona kuti puloteni ya m'magazi yotchedwa ceruloplasmin, akaichotsa sialic acid wa kunsonga n'kuibaya mwa kalulu, inkasowa m'magazi patangopita mphindi zochepa, n'kukapezeka m'chiwindi. Kuchotsa sialic acid kunavundukula galactose amene anali pansi pake, ndipo chiwindi chili ndi puloteni yogwira galactose. Pofika mu 1974 anali ataipatula puloteniyo kuchokera m'chiwindi cha kalulu. Imeneyi ndiyo lectin yoyamba kupezeka mwa nyama zoyamwitsa, ndipo si nkhani ya m'mabuku chabe: mankhwala monga givosiran, ovomerezedwa mu 2019, ndi inclisiran wotsitsa kolesitero, amawamangirira timashuga titatu kuti lectin imeneyi iwakokere m'chiwindi. Koma Ashwell ndi Morell zinawayendera chifukwa puloteni yawoyo ndi yochuluka zedi m'chiwindi ndipo imagwira mwamphamvu. Ma lectin ambiri sali choncho.

Vuto lake ndi ili: lectin imodzi ikagwira shuga mmodzi, imagwira mofooka kwambiri. Tikayerekeza ndi mmene antibody wabwino amagwirira chinthu chake, kugwira kwa lectin n'kofooka kuwirikiza ka 1,000, nthawi zina mpaka ka 1,000,000. Imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, kambirimbiri pa sekondi imodzi. M'thupi zimenezi sizivuta, chifukwa ma lectin amagwira ali ambiri nthawi imodzi: vairasi ya fuluwenza ili ndi mazana a timanja totere, ndiye pamene kena kakutaya, ena agwira. Ndipo thupi limafuna kuti zikhale choncho. Selo loyera la magazi likamapita pamalo potupa limagubuduzika m'mbali mwa mtsempha pogwira ndi kutaya shuga. Likanagwiriratu, bwenzi litaima pamalo olakwika.

Koma mu labotale kufooka kumeneku n'tsoka. Njira yachizolowezi yopezera puloteni ndi kumangirira chinthu chimene imakonda pa timikanda, kuthirapo madzi a maselo ophwanyidwa, kenako kutsuka kangapo kuti zosafunika zichoke. Potsukapo ndi pamene lectin imathawira. Mukatsuka pang'ono, mutsala ndi mapuloteni mazana ongomatirira popanda chifukwa. Mukatsuka kwambiri, mutsala ndi timikanda tokhatokha.

Ndipatuke pang'ono. Anzathu ofufuza ma enzyme odula shuga ali ndi mwayi umene ife tilibe. Ma enzyme ambiri otere, podula shuga, amayamba adzimangirira kwa shugayo kwa kanthawi. Stephen Withers ku Vancouver anasonyeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti ukaika atomu ya fluorine pamalo oyenera pa shugayo, enzyme imamangika koma imalephera kumasuka. Herman Overkleeft ndi Johannes Aerts ku Netherlands anapitiriza nzeru yomweyo ndi mankhwala ochokera ku bowa otchedwa cyclophellitol, moti mu 2010 anatha kuona ndi maso, m'maselo amoyo, enzyme imene imalephera kugwira ntchito mwa odwala matenda a Gaucher. Enzyme imadzikola yokha chifukwa cha ntchito yake. Lectin sidula kanthu, sisintha kanthu, imangogwira n'kusiya. Palibe pomwe ingadzikolere.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene anyamata amagwirira mbalame imene sikhazikika panthambi. Sathamangitsana nayo. Amapaka ulimbo pa kamtengo, n'kukaika pamene mbalameyo imakonda kutera, pafupi ndi madzi kapena pamunda wa mapira. Ikangotera, ngakhale kwa kamphindi, basi yakhala. Akatswiri a kemisitiri anachita zomwezo, koma anafunika ulimbo wamtundu wina: woti usamate kanthu kufikira mwini wake atalamula. Ukanakhala womata nthawi zonse, bwenzi utagwira puloteni yoyamba kukumana nayo, lectin isanafike n'komwe.

Lamulolo amalipereka ndi kuwala. Nzeruyi inayamba ndi Frank Westheimer wa ku Harvard mu 1962, ndipo sanali kufufuza za shuga ayi, koma enzyme yogaya chakudya yotchedwa chymotrypsin. Anamangirira pa enzymeyo kagulu ka maatomu kamene kamakhala phee mumdima, koma kakawalitsidwa kamasweka n'kusanduka chinthu cholusa chimene chimadzilumikiza ku chilichonse chili pafupi. Kuyambira pamenepo magulu atatu otere ndi amene atchuka. Aryl azide ndi yakale, koma imafuna kuwala kwamphamvu kwa ultraviolet kumene kumawononganso mapuloteni ofufuzidwawo. Benzophenone imadzuka ndi kuwala kofatsirapo, ndipo ikapanda kupeza chogwira imabwerera mwakale n'kudikira mpata wina, koma ndi yaikulu, moti ikamangiriridwa pa shuga imatha kutsekereza lectin. Yachitatu ndi diazirine, ndipo ine ndimaikonda kuposa zinazi chifukwa cha kuchepa kwake. Ndi kamphete ka maatomu atatu okha: carbon mmodzi ndi nitrogen awiri. Mukakawalitsa ndi kuwala kwa mananomita 350 mpaka 365, nitrogen awiriwo amachoka ngati mpweya, n'kusiya carbon wosowa mnzake, amene timamutcha carbene. Carbene sakhalitsa. Nthawi imene amakhalapo ndi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, ndipo m'kanthawi kameneko amadzilowetsa pakati pa maatomu a chilichonse chimene akukhudzana nacho. Ngati lectin inali itagwira shuga pa nthawi imene kuwala kunafika, yamangika mpaka kalekale. Ngati panalibe lectin, carbene amagwira madzi n'kuferatu. Zoona zake n'zakuti ambiri amagwira madzi, ndipo ochepa okha ndi amene amakola puloteni. Koma ochepawo amakwanira.

Nyambo yathunthu, imene m'malabotale amati probe, imakhala ndi mbali zitatu pa molekyulu imodzi. Pali shuga, wokopa lectin. Pali gulu lodzuka ndi kuwala lija. Ndiye pali chogwirira, choti tidzakokere nacho zimene takola. Chogwirira chodziwika kwambiri ndi biotin, vitamini B7, chifukwa pali puloteni ya bakiteriya yotchedwa streptavidin imene imagwira biotin mwamphamvu yoti ngakhale mutatsuka ndi sopo wa mu labotale siitaya. Gulu la Roland Pieters ku Utrecht linapanga nyambo zotere cha m'ma 2005, pomangirira benzophenone pa lactose, shuga wa mumkaka, ndipo linasonyeza kuti zimakola ma lectin a banja la galectin ngakhale atasakanikirana ndi mapuloteni ena.

Biotin naye ali ndi vuto lake: ndi wamkulu, ndipo nyambo yonyamula katundu wambiri siifika pamene shuga weniweni amafika. Apa ndi pamene click chemistry inathandiza. M'malo mwa biotin, amaika kachogwirira kakang'ono ka maatomu awiri kapena atatu, azide kapena alkyne, kamene sikasokoneza kanthu m'selo. Ntchito yokola ikatha, ndi pamene amalumikizapo biotin kapena utoto wowala. Morten Meldal ku Denmark ndi Barry Sharpless ku America anatulukira mu 2002, aliyense payekha, kuti copper amachititsa azide ndi alkyne kulumikizana msanga ndiponso mosaphonya. Copper amapha maselo, choncho Carolyn Bertozzi anapeza mu 2004 njira yochitira zomwezo popanda copper. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2022, ndipo n'zosangalatsa kuti Bertozzi anafika pa zonsezi chifukwa chofuna kuona shuga wa pamaselo.

Tiyeni tilowe mu labotale tione mmene tsiku la ntchitoyi limayendera. Maselo ali m'kambale kapulasitiki kosaya, atayala pansi. Wofufuza amathira nyambo magetsi atachepetsedwa, ndipo timabotolo tonse takulungidwa ndi pepala la aluminiyamu kuopa kuwala. Amadikira kuti nyambo ipeze malo ake. Kenako amaika kambaleko pa ayezi, n'kuchotsa chivundikiro chake kuti chisatchinge kuwala, n'kukalowetsa pansi pa nyale ya ultraviolet kwa mphindi zingapo. Ayeziyo ndi woti maselo asatenthe ndi nyale, komanso kuti asameze nyamboyo. Maso saona chilichonse chikusintha. Akatero amaphwanya maselo ndi sopo, n'kulumikiza biotin, n'kuthira timikanda ta streptavidin, tsopano n'kutsuka mopanda chisoni, chifukwa chimene chamangika sichingachoke. Zotsala pa timikanda amazidula ndi enzyme yotchedwa trypsin, imene imadula puloteni pamalo odziwika, pambuyo pa lysine ndi arginine. Tizidutswato amatilowetsa m'makina a mass spectrometer amene amayeza kulemera kwa kalikonse, ndipo kompyuta imayerekeza zolemerazo ndi mndandanda wa mapuloteni onse a munthu n'kutulutsa maina.

Ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, chifukwa mainawo amatuluka ambiri, mwina mazana, ndipo mtima umafuna kuwakhulupirira onse. Carbene sasankha. Amagwira lectin, komanso amagwira puloteni iliyonse imene inangodutsa pafupi, makamaka zimene zili zochuluka m'selo. Gulu la Christina Woo ku Harvard linasonyezanso mu 2021 kuti ma diazirine ena, asanasanduke carbene, amadzera mu mtundu wina wokhalitsirapo umene umakonda mapuloteni a asidi wambiri, ndiye mndandanda umapendekera mbali imodzi. Choncho ophunzira inu, mukamawerenga lipoti la kafukufuku wotere, musayambire pa mndandanda wa maina. Yambani mwafunsa mbale zina zimene anayesa pambali. Kodi anali ndi mbale imene sanaiwalitse? Kodi anali ndi nyambo yonyamula shuga wolakwika, mwachitsanzo glucose m'malo mwa galactose? Ndipo chachikulu: kodi anathira shuga wamba wochuluka, wopanda chomata, kuti adzaze malo onse a lectin nyambo isanafike? Dzina limene lazimiririka m'mbale imeneyi ndiye loyenera kulitsatira. Limene lakhalabe ndi mlendo wongodutsa. Kwa ine, kafukufuku wopanda mbale imeneyi ndi wosamaliza, ngakhale atasindikizidwa m'magazini yotchuka bwanji.

Kufooka kuja sikutheratu chifukwa choti pali chomata. Ngati pa nthawi yowalitsa ma lectin ambiri anali atataya nyambo, mukola zochepa. N'chifukwa chake ena amatengera chitsanzo cha vairasi: amaika shuga wambiri pa unyolo umodzi wautali kapena pa kambulu kagolide, pamodzi ndi magulu odzuka ndi kuwala. Gulu la Linda Hsieh-Wilson ku Caltech linachita zimenezi mu 2014 pofunafuna mapuloteni a mu ubongo amene amagwira fucose wolumikizidwa ku galactose.

Tsopano ndifike pa njira imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse, chifukwa imachititsa selo kudzipangira lokha nyambo. Mu 1992, Werner Reutter ndi anzake ku Berlin anaona kuti ma enzyme opanga sialic acid sakhwimitsa malamulo: ukawapatsa chopangira chosinthidwa pang'ono, amachilandira, n'kupanga sialic acid wosinthika, n'kumuika pakhungu la selo ngati wabwinobwino. Ndiye bwanji osaika gulu lodzuka ndi kuwala pa chopangiracho? Mukadyetsa maselo shuga wotere kwa masiku awiri kapena atatu, maunyolo awo enieni, pamalo awo enieni, amakhala atanyamula chomata. Simukuyerekezanso ndi shuga wopanga nokha.

Gulu la James Paulson ku Scripps, m'dera la La Jolla ku California, linagwiritsa ntchito njirayi mu 2005 pa lectin yotchedwa CD22, imene imakhala pa maselo opanga ma antibody n'kumawaletsa kulusa mopitirira. Anthu ankayembekeza kuti CD22 imagwira mapuloteni akuluakulu oyandikana nayo, chifukwa m'mayeso a m'botolo inkawagwiradi. Koma atawalitsa maselo amoyo, anapeza kuti CD22 imagwira kwambiri sialic acid wa pa ma CD22 anzake. Chimene chimatheka m'botolo ndi chimene chimachitika pa selo zinapezeka kuti n'zosiyana. Mu 2008, Jennifer Kohler ndi Yoshihito Tanaka anapanga chopangira chonyamula diazirine, chaching'ono kuposa cha Paulson, ndipo ndi chimenechi chimene chinadzagwedeza nkhani ya kolera.

Kolera sindifunika kukufotokozerani. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ena mwa inu munagwira ntchito m'matenti a odwala. Anzathu a ku Lusaka anaona zomwezo kuchiyambi kwa 2024, mpaka bwalo la mpira linasanduka chipatala. Chimene chimatsegula m'mimba si bakiteriya weniweniyo koma poizoni amene amatulutsa, monga Sambhu Nath De anasonyezera ku Calcutta mu 1959. Poizoniyu ali ndi zigawo ziwiri. Chigawo B ndi mphete ya mapuloteni asanu ofanana, ndipo ndi lectin: ntchito yake ndi kugwira shuga wa pamaselo a m'matumbo. Chigawo A ndicho chimalowa m'selo n'kusiya njira yotulutsira chloride ili yotsegula, madzi n'kumatsatira, mpaka munthu amatha kutaya lita imodzi pa ola. Njira ina, yolowetsa sodium pamodzi ndi glucose, poizoniyu saikhudza, ndipo n'chifukwa chake thanzi ORS amapulumutsa anthu.

Kuyambira mu 1973, yankho la funso loti chigawo B chimagwira chiyani linali limodzi: GM1, mafuta a pakhungu la selo onyamula timashuga tisanu. Magulu angapo anapeza zimenezi chaka chomwecho, kuphatikizapo la Jan Holmgren ku Gothenburg. Umboni wake unali wolimba, ndipo kugwirana kwa chigawo B ndi GM1 n'kwamphamvu modabwitsa, kosiyana ndi ma lectin ambiri amene ndatchula aja. Mpaka lero akatswiri amagwiritsa ntchito chigawo B ngati chida chopezera GM1 pamaselo. Nkhaniyo inalowa m'mabuku ngati yotha.

Koma panali zinthu ziwiri zosakhala bwino. Choyamba, m'matumbo aang'ono a munthu, mmene kolera amachitira zoopsa zake, GM1 alimo wochepa kwambiri. Chachiwiri, madokotala ku Bangladesh ndi kwina anaona kuti anthu a magazi a gulu O amadwala kolera modetsa nkhawa kuposa ena, chonsecho GM1 alibe chochita ndi magulu a magazi. 

Kohler, amene tsopano anali ku Dallas, anadyetsa maselo chopangira chake cha diazirine, n'kuthira chigawo B, n'kuwalitsa. Pa maselo a mtundu wa magazi, chigawo B chinamangika ku kanthu kakang'ono, GM1, monga mabuku amanenera. Pa maselo ochokera m'matumbo a munthu, chinamangika ku chinthu chachikulu kwambiri, cholemera moti sichikanakhala mafuta. Inali puloteni yokutidwa ndi shuga, ndipo imodzi mwa zimene anazizindikira ndi CEACAM5. Ataletsa maselo kupanga mafuta a banja la GM1, poizoni anagwirabe. Ataletsa maselo kuika fucose pa maunyolo awo, kugwirako kunatsika kwambiri. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015. Chaka chotsatira, gulu la Ute Krengel ku Oslo linasonyeza ndi zithunzi za maatomu kuti chigawo B chili ndi malo achiwiri ogwirira, m'mbali mwa mphete ija, amene amalandira shuga wa magulu a magazi wokhala ndi fucose. Mu 2018, gulu la Kohler pamodzi ndi la Ulf Yrlid ku Gothenburg linasonyeza kuti mbewa zopanda GM1 n'komwe zimatsegulabe m'mimba zikapatsidwa poizoniyu.

Taonani chifukwa chake malo achiwiriwa anabisika zaka zambiri. Kugwira kwa fucose n'kofooka, kwa mtundu uja wa kugwira n'kutaya. Njira zakale, zodalira kutsuka, zinkasunga GM1 wolimbayo n'kutaya zina zonse. Panafunika chida chosasamala za mphamvu ya kugwira, chongofunsa kuti ndani anali pafupi pa nthawi imene nyale inayaka.

Panabukanso chiyembekezo. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wambiri amene mwana sagaya, ndipo wina mwa iwo, 2'-fucosyllactose, ali ndi fucose kunsonga. M'mayeso a pa maselo, shuga wotereyu anachepetsa kugwira kwa chigawo B. Ena anayamba kulingalira za mankhwala otsika mtengo, maunyolo onyamula fucose, oti munthu amwe kuti poizoni akakamire pa iwo m'malo mwa matumbo.

Komatu nyamboyi imayankha funso limodzi lokha: ndani anakhudzana ndi ndani. Siinena kuti kukhudzanako kunabala chiyani. Ndipo maselo a m'matumbo amene Kohler anayambira aja anali ochokera ku khansa ya matumbo aakulu, osati matumbo aang'ono a munthu wathanzi. Magulu omwewo a ku Gothenburg ndi Dallas anabwereza ntchitoyi pa timatumbo tolimidwa mu labotale kuchokera ku tizidutswa ta matumbo aang'ono a anthu osiyanasiyana. Zimene anasindikiza mu 2023 zinatembenuzanso nkhani: ataletsa maselo kuika fucose, maselowo anavulala kwambiri ndi poizoni kuposa poyamba. Fucose amene ankaoneka ngati khomo lolowera poizoni anapezeka kuti pamalo ena amagwira ntchito yosokeretsa, kumugwira poizoniyo n'kumuchedwetsa kunja kuti asafike pa shuga wina, wothera ndi galactose, amene amamulowetsa m'kati. Ofufuzawo anafika ponena kuti fucose amachita zonse ziwiri, kutengera unyolo umene wakhalapo ndi puloteni kapena mafuta amene anyamula unyolowo. Kwa wofuna kupanga mankhwala, zimenezi zikutanthauza kuti kutseka malo a fucose okha sikukwanira, ndipo n'chifukwa chake maunyolo amene magulu amenewa akhala akuyesa amanyamula fucose ndi galactose pamodzi, kuti atseke malo onse awiri a chigawo B nthawi imodzi.